Simoni Wovala Mzuli

Andipempha kuti ndilembe za malemu Abambo Yohane Kamtedza m'kalata ya parishi. Ndilemba mwachidule, poti eni akewo sankakonda zolankhulalankhula.

Anabadwira ku Mitundu. Ali mwana ankajambula ng'ombe pakhoma ndi makala, mayi awo n'kumawakwapula. Sukulu analekeza Sitandade 6, nabwera m'tauni kudzalemba zikwangwani. Mitu yometedwa bwino ija mumaiona pamakoma a ometa tsitsi ku Chinsapo, nkhuku ndi nsomba za pamagolosale, zambiri ndi dzanja lawo. Misa ya m'mawa sankaphonya, ngakhale zala zili penti yekhayekha.

Chaka china m'dzinja akazi awo, Amayi Rozina, anadwala mwakayakaya. Njira inali matope okhaokha, magalimoto sankalowa. Amene anawabereka kumsana mpaka pamsewu wa tala anali a Adamu, Msilamu wokhoma zidebe, woyandikana nawo nyumba. Amayiwo anakamwalirira kuchipatala. Abambo Yohane sanadandaule pagulu, anangowonjezera kupemphera.

Titamanga tchalitchi chathu chaching'onochi, anajambula Njira ya Mtanda yonse pakhoma, mwaulere. Koma pa malo achisanu, Simoni wa ku Kirene, wothandiza Yesu kusenza mtanda uja, anatuluka ndi nkhope ya a Adamu, kumutu atavala mzuli, kachisoti ka Asilamu. Akomiti anakwiya, ati Msilamu sangakhale pakhoma la tchalitchi. Anagula laimu woti afufutire Pasaka isanafike.

Abambo Yohane sanakangane nawo. Anangoti, "Simoni weniweniyo sindinamuonepo. Amene ndinamuona akusenza mtanda wa mnzake ndi ameneyu. Maso amaiwala msanga, n'chifukwa chake timajambula."

Apa n'kuti thupi litayamba kale kufooka ndi ukalamba. Anamwalira mu Lenti momwemo, atalandira masakramenti, kolona ili m'manja, laimu uja akudikira kuseri kwa chitseko.

Tsiku la maliro awo, a Adamu analowa m'tchalitchi koyamba. Anaima nthawi yaitali pa chithunzi chija, akomiti akuwayang'ana. Kenako anati, "Achimwenewa mphuno anandiwonjezera." Anapukuta m'maso, napita kukagwira bokosi, mzuli uli kumutu. Tonse tinaona malo achisanu akuyenda pakati pathu.

Laimu uja tinakapaka kuzimbudzi, kumene ankafunikadi. Simoni akadali pakhoma. Mukafika pamenepo Lachisanu lino, muyang'anitsitse kaye musanagwade, ndipo muwapempherere Abambo Yohane kuti ause mumtendere.