Tsiku Limene Ndinapempha Kuti Akweze Giredi

Pa Chitakale palibe amene anandiposapo ponenerera. Zaka zonse zimene ndagulitsa kaunjika, belo likangotsegulidwa ndimadziwa giredi yake ndi fungo lokha, ndipo munthu wonena kuti katundu wanga ndi wa giredi yotsika amachoka atapepesa, atagulanso jekete lomwe sanalifune. Pakamwa pamenepa ndi pomwe ndinadalira popita ndi mayi akunyumba ku Blantyre.

Iwo ankathyola tiyi ku esiteti. Mutu unayamba kuwapweteka m'mawa uliwonse, mpaka tsiku lina anagwa m'munda dengu lili kumsana. Kuchipatala anatitumiza kukajambulitsa mutu pa makina a MRI. Anawagoneka pakabedi n'kuwalowetsa m'chimphanga chosokosera ngati chigayo, ine panja nditafumbata ndolo zawo.

Atatha, adokotala, mayi wamng'ono wolankhula mofatsa, anatikhazika pansi n'kutionetsa zithunzi.

"Chotupa chilipo muubongo, bambo. Koma chikuoneka cha giredi yotsika."

Za chotupazo ndinali nditaziopa kale. Chinandibaya ndi mawu omalizawo. Ndinakokera mpando pafupi.

"Adokotala, tiyeni tikambirane ngati anthu. Mayi awa ndakalamba nawo, palibe chawo chotsika. Yang'ananinso, mukwezeko pang'ono."

Mayi akunyumba anandiponda phazi. Ndinaganiza kuti akundilimbikitsa.

"Ngakhale sitepe imodzi yokha, tisachoke chimanjamanja."

Adokotala anavula magalasi, nandifunsa ntchito yanga. Nditawauza, anamwetulira.

"Tsiku la msika, anthu atadzaza, mumayenda bwanji?"

"Chammbali, dzanja lili pathumba."

"Makinawa amayang'ana mmene madzi akuyendera m'kati mwa chotupa. Chotupa cholusa chimakhala chothithikana ngati msika wanuwo, madzi amasowa podutsa. Imeneyo ndiyo giredi yokwera, chimakula msanga. Cha amayiwa madzi akuyenda momasuka. Tidzatsimikiza tikachichotsa n'kuchipima, koma lero nkhani ndi yopatsa chiyembekezo. Mukufunabe ndikweze?"

Kwa nthawi yoyamba lilime langa linasowa kolowera. Koma chizolowezi sichichoka tsiku limodzi.

"Nanga kutsitsakonso sizingatheke?"

"Mtengo uwu sindiika ine, bambo."

Mayi akunyumba anaseka mpaka kugwira mutu wopwetekawo, kuseka koyamba m'miyezi itatu. Mu minibasi anandinong'oneza m'Chilomwe, chinenero chimene amasungira zondinyoza, kuti akadandisiya ndekha ndikadawagulira imfa n'kupemphanso basera.

Opaleshoni anachita. Chotupa chitapimidwa, giredi inapezeka yotsikadi monga madzi aja ananenera. Mayi anasiya kuthyola tiyi. Tsopano amakhala nane pabenchi, mpango utaphimba chipsera, ndipo kasitomala aliyense wakale nkhaniyi anaimva kawiri. Wina akanyoza malaya anga kuti ndi a giredi yotsika, ndisanatsegule pakamwa iwo amayankha ali phee: "Musawapute abambowa, amakweza ndi matenda omwe."

Ndinapempha kukweza, anandikaniza. Ndinapempha kutsitsa, anandikanizanso. Malonda awiri kuluza pampando umodzi, pamaso pa mkazi wanga. Koma madzulo tikamalongedza zotsala, iwo ndi amene amagwira mbali ina ya thumba, akundikalipira kuti ndikupinda molakwika. Inuyo mukaona, pamalonda amenewa anapambana ndani?