Tinawaika Popanda Kagalu Kawo

Ndinadzuka kusanache, galimoto yotola zinyalala ikulira m'kanjira ka kuseri kwa nyumba. Ndinamva mabini akugubuduzidwa, kenaka phokosolo linapita kutali. Sindinaganizepo kanthu. Ndinakhala tsonga n'kuyang'ana amayi omwe anagona pansi pabalaza ponse, mitu itatsamira zikwama, ena osavula n'komwe majekete. Anali ataimba mpaka mawu kusasa. Linali tsiku loika m'manda amalume anga, mlongo wawo wa mayi anga, kutatsala masiku anayi kuti Khirisimasi ifike.

Amalume ndiwo ananditenga kwathu ku Mchinji chaka chatha, kundibweretsa kuno ku Bolton kuti ndizigwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba komwe iwonso ankagwira. Ndinkakhala nawo pamodzi ndi akazi awo, omwe ndimawatchula kuti azakhali, ndi mwana wawo mmodzi yekha, Tamanda, wa zaka khumi ndi zisanu. Tamanda anabadwira konkuno. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi.

Amalume unawatenga ndi mtima. Usiku wawo womaliza panyumba analephera kugona pabedi, mpweya unkawathera, ndiye anachezera pampando pabalaza mpaka ambulansi inabwera m'mawa. Madzulo a tsiku lomwelo anatisiya. Pomwe tinkabwera kuchokera kuchipatala tinapeza amayi a kumpingo atatulutsa kale mipando n'kuyala mabulangete. TV sakanaitulutsa chifukwa inamangiriridwa kukhoma, choncho anaiphimba ndi chitenje, pakuti pasiwa saonerapo TV. Inakhala yophimbidwa milungu itatu yonse yomwe tinkadikira mapepala ndi tsiku la kumanda.

Chomwe chinatsala pabalazapo inali shelefu ya zidole. Amalume anabadwira ku Kitwe, ku Zambia, komwe agogo ankagwira ntchito mumgodi. Ankakonda kusimba kuti m'komboni mwawo monse TV inali panyumba imodzi, ya kapitawo. Tsiku la Khirisimasi kapitawoyo ankatsegula zenera, ana n'kuunjikana panja kuonera makatuni kuyambira m'mawa mpaka makolo awo kudzawakoka makutu. Mwana wa kapitawo anali ndi chidole cha kagalu ka m'katuni ina, kovala jekete yobiriwira ndi nsapato zachikasu. Amalume anakagwirako kamodzi kokha, atauzidwa kaye kuti akasambe m'manja. Banja litabwerera ku Mchinji, komwe masiku amenewo kunalibe TV, anangotsala ndi nkhani.

Atafika kuno anapeza zidole za makatuni a nthawi ija zikugulitsidwa pa kaunjika wa Lamulungu, ndipo anayamba kutola chimodzichimodzi mpaka shelefu inadzaza. Kagalu kaja anakapeza Tamanda ali wakhanda, khutu limodzi litathyoka. Chaka chilichonse, madzulo oti mawa ndi Khirisimasi, osati tsiku lina, ankakachotsa pashelefu n'kukamata ndi selotepi kumbuyo kwa TV, mutu wokha ukusuzumira pamwamba. Akatero iwo ndi Tamanda ankakhala pansi ndi mbale ya mtedza, kuonera makatuni akale. Amalume ankayamba kuseka choseketsacho chisanafike. Chaka chatha ndinakhala nawo, ndipo anandilozera chidole chilichonse ndi dzina lake. Ine ndinkangoti eya, osagwira dzina ngakhale limodzi.

Dzulo lake la maliro kunamveka kuti anthu ambiri akubwera kuchokera ku Hull ndi ku Newcastle. Mayi wina wamkulu wa kumpingo anayang'ana shelefu ija nati, "Malo achepa. Komanso zidole pamaliro a bambo wamkulu, alendo aziti chiyani? Iwe mtsikana, tachotsa izi."

Ndinachotsa msanga, kuti asanene kawiri. Katoni sindinaipeze. Ndinatenga thumba lakuda la pulasitiki pansi pa sinki, n'kukokoloreramo zonse, kumanga bwino pakamwa kuti mvula isalowe, n'kuliika panja pafupi ndi chitseko cha kuseri. Shelefu nayo abambo anaichotsa. Kwathu jumbo n'chosungiramo zinthu. M'changu chija ndinaiwala kuti kuno thumba lakuda lomangidwa likakhala panja, aliyense amadziwa kuti ndi zinyalala.

M'mawa wa tsiku la malirolo kunali mvula yowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Kuseri anali atamanga tenti yaing'ono, ndipo mbaula ziwiri za gasi zinayatsidwa kusanayere. Amayi ena ankatsuka mpunga, ena ankakazinga nkhuku, manja atafiira ndi kuzizira. Abambo, omwe kwathu akanakhala panja pamoto, anadzazana m'khitchini mozungulira hita. Ndinaphika tiyi ketulo zingapo. Kapu imodzi ndinakwera nayo m'chipinda cha Tamanda, yemwe milungu yonseyi sankatsika kawirikawiri, ndipo panalibe anamuona akulira.

Ndinamupeza atavala kale diresi yakuda. Anandiuza m'Chingerezi kuti akufuna kagalu kaja. Ankafuna kukaika m'manja mwa bambo ake bokosi lisanatsekedwe, kuti Khirisimasi isawapeze okha. Amayi ake anali atavomera. Anati anasuzumira pabalaza ndipo shelefu palibe.

"Ndinasunga ndine," ndinatero. "Ndikakutengera."

Pachitseko cha kuseri panalibe thumba. Pansi panali posesedwa bwino. Ndinayang'ana kuseri kwa tenti, pansi pa tebulo la ophika, paliponse. Kenaka ndinafunsa bambo wina yemwe ankasintha botolo la gasi.

"Pepani achimwene, thumba lomwe linali apa mwaliona?"

"Tinataya zonse usiku, chemwali. Mbale za mapepala zinali mbwee. Taonani mmene payerera." Anandiyang'anitsitsa. "Bwanji, munabisamo nkhuku yanu?"

Ophika anaseka. Nanenso ndinaseka, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinatuluka pageti ndi masilipasi. Mabini anali ataimikidwa mumzere m'kanjira kaja, zivundikiro zili chotsegula. Ndinasuzumira m'bini yathu, kenaka ya oyandikana nawo, kenaka yotsatira. Munali madzi a mvula okha. Ndinathamanga mpaka kumsewu waukulu. Basi inadutsa, magetsi akuyaka, anthu akupita kuntchito. Galimoto ija ndinaimva ndekha ikuchoka ndili pabulangete.

Ndinayenera kukwera masitepe nthawi yomweyo n'kunena. Sindinathe. Tamanda atandifunsa ndi maso pomwe tinkakwera galimoto, ndinati kali m'chikwama, ndimupatsa kutchalitchi. Limeneli ndi bodza lomwe limandiwawa kuposa thumba lija.

Anthu anabwera ambiri kuposa mmene tinkaganizira. Maminibasi awiri anaima mopingasa, woyendetsa wina akukangana ndi mnzake za poimika. Ena anachokera kushifiti ya usiku, yunifolomu ikuonekera m'kati mwa jekete. Panabweranso agogo awiri achizungu a kunyumba yomwe amalume ankagwira ntchito, wina pa njinga ya olumala, atafunditsidwa bulangete m'miyendo. Bokosi tinalipeza lafika kale, lili kutsogolo, pambali pa mtengo wa Khirisimasi womwe eni tchalitchi anali atakongoletsa.

Pa olankhula onse, yemwe ndimamukumbukira ndi bambo wa ku Zambia, mnzawo wa amalume, yemwenso anakulira kumigodi. Sanatenge pepala.

"Mwandi, uyu munthu anali mwana mpaka imvi," anatero. "Ise tinali kutamba TV pawindo ya bene. Ukafika mochedwa, uona chabe mitu ya anzako. Uyu anali kufika kukali mdima, na njerwa yake yoimapo. Tabwera kuno, anzathu agula mamotoka, iye agula tuzidole. Nikamuseka, akuti, iwe, nakayembekeza zaka makumi atatu aka kagalu."

Tchalitchi chonse chinaseka, ena akupukuta misozi. Tamanda anatembenuka n'kunditambasulira dzanja. M'busa anali atayamba kulengeza kuti tiona nkhope, achibale pomalizira.

Ndinamukodola, tinatuluka mpaka pakhonde pomwe panali maambulera onyowa. Ndinafuna kugwada koma pansi panali madzi, ndiye ndinangowerama. Ndinamuuza zonse: za shelefu, za thumba, za galimoto ya m'mawa, ndi kuti m'chikwama mwanga munalibe kanthu.

Kenaka anafunsa ngati ndikunena zonse, zidole zonse. Ndinati zonse. Ananena motsitsa, m'Chingerezi, kuti sizinali zanga, ndipo panalibe anandipempha kuti ndizigwire. Anati zaka zonse zija bambo ake ankadzuka m'mawa Lamulungu kukazifunafuna, ine ndazitaya tsiku limodzi. Sanakweze mawu. Analowa n'kundisiya pamenepo.

Pomwe achibale tinkadutsa pabokosi, ndinali kumbuyo kwake. Amalume anavekedwa suti yawo yotuwa, manja atasanjikizidwa pachifuwa. Tamanda anaima nthawi yaitali kuposa wina aliyense. Anaika dzanja lake lopanda kanthu pa manja awo, n'kulisiya pomwepo mpaka azakhali anamugwira paphewa. Pamenepo ndi pomwe analira koyamba. Bokosi linatsekedwa.

Ulendo wa kumanda unali wapang'onopang'ono. Tinadutsa m'misewu ya nyumba zogundana, mazenera ali ndi timagetsi tothwanima, zitseko zili ndi nkhata zobiriwira. Bambo wina wokalamba yemwe ankayenda ndi galu wake anaima n'kuvula chipewa. M'galimoto mwathu amayi anayambitsa nyimbo.

Manda tinapeza okumbakumba ndi makina, m'mbali atayalamo kapeti wobiriwira. Abambo athu anapempha mafosholo kwa ogwira ntchito pamenepo, nati sitisiya m'bale wathu pamtunda kuti adzakwiriridwe ndi thirakitala. Anawapatsa atatu. Ankalandizana, nsapato za kutchalitchi zikumira m'matope. Ine anandipatsa foni kuti ndiigwire m'mwamba, mayi anga ndi abale ku Mchinji aone. Kumeneko kunali dzuwa, ndipo ndinkamva nkhuku ndi kulira kwa amayi. Dzanja linachita dzanzi koma sindinalitsitse. Tinaika nkhata mvula ikulimba. Pomwe tinkamaliza kudya kuholo ya tchalitchi, cha m'ma folo, kunja kunali kutada kale.

Anthu anabalalika msanga chifukwa ambiri anali ndi shifiti m'mawa mwake. Abambo anabwezeretsa mipando, amayi anapinda mabulangete. Mayi wamkulu uja anandiyamikira kuti ndine mtsikana wogwira ntchito. Podzafika seveni, m'nyumba tinatsala atatu. Tamanda anali m'chipinda chake. Azakhali anakhala pampando wa amalume, nsapato atavula.

Ndinagwada pafupi nawo. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Ndamva kale. Dzuka, pansi pakuzizira."

Sindinadzuke.

"Amalume ako akanakhalapo akanadandaula sabata yathunthu," anatero. "Lamulungu lake ukanawaona akuvala jekete kukayambiranso. Koma mwanayo umupatse nthawi, usamukakamize." Anapumira m'mwamba. "Tachotsa chitenjecho pa TV. Mwini wake achifuna mawa."

Ndinakoka chitenje, koma ngodya imodzi inakodwa kumbuyo. Ndinakwera pa kampando kuti ndiikole bwino, ndisang'ambe cha eni. Nsaluyo inali itamatirira ku selotepi. Nditaimatula, kamutu kanasuzumira pamwamba pa TV, khutu limodzi lothyoka.

Azakhali anaimirira, dzanja lili pakamwa.

"Bambo awa," anatero. "Usiku uja ndinawamva akutsegula madirowa. Ndinakuwa ndili m'mwamba kuti mukufuna chiyani, khalani pansi mupume. Akuti selotepi. Ndinati selotepi ya chiyani usiku uno, Khirisimasi ikadali kutali." Anakhalanso pansi. "Ankadziwa."

Anaitana Tamanda kawiri. Anatsika pang'onopang'ono, maso otupa, n'kuima pakhomo la pabalaza. Palibe anamulozera. Anakaona yekha. Anayandikira, nakagwira pamutu ndi chala chimodzi. Ndinaganiza kuti akamatula, mwina anene kuti mawa tipite nako kumanda. Anangokanikiza selotepi pomwe inali itayamba kumatuka.

Anafunsa amayi ake ngati angayatse. Azakhali anayang'ana kukhomo, ngati kuti amayi a kumpingo angabwerere. "Yatsa, koma motsitsa."

Anafufuza mpaka anapeza katuni yakale, ya mitundu yofwifwa. Anakhala pansi pa kapeti, pamalo pake pa chaka chilichonse. Ine ndinapinda chitenje n'kuyamba kulowera kukhitchini, komwe kunali makapu osatsuka.

"Sisi," anandiitana osatembenuka. Kenaka m'Chichewa chake chopindika, chomwe ndinali ndisanachimvepo chaka chonse, anati, "Khalani pansi."

Ndinakhala pambali pake, chitenje chili pamiyendo. Pakhoma pomwe panali shelefu panatsala mzere woyera. Mvula inkagunda pazenera. Palibe anaseka, ndipo palibe anadzuka kukazimitsa.