Kandulo ya ku Joni m'khutu mwa amalume

Ndineneretu: ine si dokotala. Sukulu ndinasiyira Fomu 2, ndipo kwathu ku Chezi amandikumbutsa zimenezi ndikangotsegula pakamwa. Ndiye inu musavutike kundikumbutsanso.

Lamulungu lina posachedwapa ndinapeza amalume anga, a Mbewe, atagona chammbali pamphasa kuseri kwa chigafa cha fodya, moto ukuyaka pakhutu pawo. Moto weniweni. Alamu anga a Nabanda, akazi a achimwene, amene angobwera kumene kuchokera ku Joni, anali atagwada pambali pawo atagwirizira kandulo yaitali ya bowo pakati. Kunsonga kwina ili m'khutu, kwinako ikuyaka.

"Alamu, mwaganiza zowotcha amalume?"

"Inu a Fomu 2, takhalani chete. Ikukoka litsiro. Ku Joni anthu amachita kuima pamzere."

Chinawagoneka pamphasapo n'chiyani? Khutu lawo lakumanja linatseka miyezi iwiri yapitayo, pomwe lakumanzere linafooka kalekale. Tsono iwowa ndiwo nkhoswe ya mchemwali wanga Tamanda, ndipo chinkhoswe chinali Loweruka likubweralo. Pamsonkhano wokonzekera, akuchimuna ochokera ku Ntchisi analankhula mpaka kukhosi kuuma, amalume ali duu, maso kuphiri. Kunena kuti sakumva anachita nako manyazi. Alendowo anabwerera atakwiya, akuti banja lathu ndi lodzikuza, ndipo zikadzachitikanso Loweruka adzanyamula tambala wawo n'kumapita. Tamanda chakudya chinasiya kulowa.

Kandulo itapsa mpaka kutsala kachidutswa, alamu anaizimitsa m'madzi n'kuing'amba ndi lezala. M'kati munali zinthu zofiirira, zamatope, zonyansa kuziona.

"Mwaona, amalume? Zonsezi zinali m'mutu mwanu. Ngakhale mphuno zotseka imatsegula imeneyi."

Amalume anaziyang'ana mwaulemu ngati akuyang'ana mwana wobadwa kumene.

"Ndiye mwayamba kumva?" ndinafunsa.

"Wati chiyani?"

Ine mtima wanga ndi waufupi, kukangana sinditha. Ndinangotenga kandulo ina m'chikwama cha alamu, n'kuilowetsa kukamwa kwa botolo lopanda kanthu, n'kuyatsa. Tonse atatu tinakhala pansi kuonerera botolo likulandira chithandizo. Itapsa ndinaing'amba ndi lezala lomwe lija. Zofiirira zomwezo, kuchuluka kwake komweko.

Ndinayandikira khutu lakumanzere n'kukuwa: "Amalume, botololi nalo linali logontha?"

Anayang'ana botolo, n'kuyang'ana alamu, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Litsiro lija linali phula ndi nsalu ya kandulo yomweyo zitapsa. M'khutu simunatuluke kanthu.

Alamu musawaweruze. Si akuba. Iwonso anazigula akukhulupirira, ndipo ataona za botolozo anangoti, "Ine ndiye ndakhala ndikudziwotcha chaka chathunthu."

Lolemba ndinawakweza amalume pakabaza kupita kuchipatala. Namwino anaunika m'khutu ndi katochi, n'kupukusa mutu.

"Bambo, mumatokosa ndi chiyani muno?"

Anabwereza katatu asanayankhidwe. "Nthenga ya nkhuku, mayi. Kuyambira ndili mnyamata."

Kansonga ka nthenga kanathyokera m'kati, litsiro n'kuumbikira pamenepo mpaka kuuma gwa. Nditawauza za kandulo, namwinoyo anati tithokoze kuti phula lotentha silinadonthere m'kati, chifukwa likanawotcha khutu lomwe timafuna kupulumutsalo. Anatipatsa mankhwala odontheza kuti litsiro lifewe, ndipo Lachisanu anatsuka khutulo ndi madzi ofunda. Kanatuluka kanthu kakuda, kochepa ngati nyemba imodzi.

Mukudziwa zomwe ananena amalume? "Basi? Komweka?"

Munthu wamva bwinobwino kulira kwa njinga panja, koyamba m'miyezi iwiri, koma wakhumudwa chifukwa matenda ake achepa!

Apa m'pamene pali nkhani yanga. Ife timakonda mankhwala otionetsa chinthu. Tikufuna utsi, moto, chinthu chonyansa chimene tingachiloze n'kunena kuti, si ichi chimandizunza. Amatiikira mapazi m'beseni madzi n'kusanduka akuda, ife kuwomba m'manja. Pamsika wina amagulitsa zotsegula m'mimba akuti zimatsuka magazi, ndipo munthu akathamangira kuchimbudzi kasanu amati, eee, ndi amphamvu. Koma kamadzi kodontheza, kopanda fungo, kopanda mwambo, timakakayikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chikachokera kunja ndiye basi, nzeru timazisiya pakhomo ngati nsapato. Ndikanapinda ine chigamba cha chitenje, n'kuchiviika m'phula, n'kuuza amalume kuti gonani ndikuyatseni, akanandithamangitsa ndi mpini. Koma poti chabwera m'pepala lolembedwa Chingerezi, anagona okha.

Komabe chilungamo ndinene. Alamu anakhala nawo amalume pafupifupi ola, kuwaikira pilo, kuwasisita pamutu, kuwalankhula mofatsa ngakhale samamva. Ndani amakuchitira zimenezo masiku ano? M'zipatala zambiri umafika m'mawa, kuitanidwa dzuwa litapendeka, ndipo usanamalize kufotokoza pepala lalembedwa kale. Munthu wokalamba amafuna kuti wina amusamale. Kandulo siichiritsa khutu, koma woigwirizirayo amakhala nawe pansi. Amalume anachita mwayi kupeza namwino wofunsa katatu osatopa.

Akuti mawu a akulu amakoma akagonera. A achinyamata ngati ine, agonere asagonere, palibe amawalawa. Ndikanangonena pakamwa kuti kanduloyi ndi yabodza, yankho likanakhala lakuti ukudziwa chiyani iwe. Ndiye ndaphunzira kusataya malovu. Chimene chingayesedwe, yesani pamaso pawo. Sizifuna satifiketi.

Loweruka akuchimuna anafika nkhope zili zolimba, tambala ali m'khwapa. Tamanda anali m'nyumba, akusuzumira pazenera. Anthu atakhala pansi, azakhali ena a mwamuna wodzakwatira Tamandayo ananong'oneza mnzawo kuti, "Ndi omwe aja, osayankha anthu aja."

Amalume anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ndine ndemwe, mayi. Tsiku lija khutu linali lotseka, ndipo ndinalakwa posakuuzani. Pepani. Koma lero samalani, ndikumva ndi zonong'ona zomwe."

Bwalo lonse linafa ndi phwete, azakhaliwo n'kudzifunditsa chitenje kumaso. Tambala analandiridwa, thadzi lathu linaperekedwa, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Tamanda anadya mbale ziwiri, ndinamuona ndi maso angawa. Ine sindikondwa kawirikawiri, koma tsiku limenelo ndinavina.

Mwambo utatha ndinkangoganiza kuti ukwati ukanatha usanayambe, mabanja awiri n'kudana mpaka kalekale, chifukwa cha kansonga ka nthenga. Ndiye ndikufunseni. Pakhomo panu palibe wachikulire amene mwamutcha wamwano, wodzimva, mwinanso mfiti, chifukwa mukamupatsa moni sayankha? Musanamalize kumuweruza, alipo mwa inu anamutengerapo kwa munthu wa katochi kuti amuunike m'khutu?