Lumo la Teudila

Mlamu wanga Teudila anameta mafumu asanu ndi awiri m'mawa umodzi, ndipo tsitsi lawo linatseka mtsinje wa Tago mpaka nsomba zinkayenda pansi ngati mbuzi. Chabwino, ndanama. Mutu wa mfumu sanaugwirepo. Koma zotsalazi n'zoona, mwina kupatulako pang'ono.

Teudila anali wometa nkhosa kumudzi kwathu, kunja kwa mzinda wa Toleto. Makolo ake akuti anali m'gulu la Agoti amene analowa mu Roma n'kutulukamo atasenza mbale zagolide. Iye chomwe anasiyiridwa ndi lumo ndi chifuwa cha bambo ake. Koma dzanja anali nalo: nkhosa inkazindikira kuti ili maliseche itafika kale kudambo.

Liwiro limenelo ndi lomwe linamupalira moto. Kwathu kuno ulemu wa Mgoti uli m'tsitsi. Wometedwa pabwalo sakhala pampando, sagwira lupanga, ndipo umboni wake ngakhale galu saumvera. Tsono masiku amenewo akuluakulu ankangogwetsana. Aliyense akalanda ufumu, ankayamba ndi kumeta anthu a mnzake. Mitu inachuluka, ometa anachepa, asilikali n'kudzamutenga Teudila kukhola.

Kumeta kunali kuwiri. Olakwa pang'ono ankangowameta mpala. Oukira mfumu ankawachotsa tsitsi ndi khungu lomwe. Ntchito yachiwiriyi ankaigawana ndi Sisebado, wopha ng'ombe, amene mwa anthu khumi ankaikitsa m'manda asanu ndi mmodzi. Anthu a Teudila ankachira. Iye sankazamitsa lumo, bala ankalitsuka ndi vinyo wowawasa n'kulimanga ndi ubweya wonyika m'mafuta. Akabwera kunyumba ankasamba m'manja mpaka madzi a pachitsime kutha, mkate osaukhudza.

Mliri utatenga mlongo wanga ndi ana aakazi awiri, Teudila anatsala ndi Froila yekha, mnyamata wa tsitsi ngati mchira wa kavalo. Froila ankachita manyazi ndi bambo ake.

"Bambo, anzanga akumati ndine mwana wa wosenda anthu."

"Uziwauza kuti amene ndawasenda ine akudya mpaka lero."

"Kudya kokha ndiye moyo? Ine ndikupita."

Anapitadi, nakalowa usilikali kwa nduna ina ya kumpoto. Patatha zaka zitatu ndunayo inaukira mfumu, n'kugonja. Ogwidwa anawabweretsa ku Toleto atawakweza pa abulu chammbuyo, anthu akuwagenda ndi ndowe.

Teudila ananola lumo monga mwa masiku onse, osayang'ana nkhope. Wachinayi atamugwaditsa, analizindikira tsitsi asanaone munthu.

"Bwanji, nkhalamba, dzanja lazizira?" anafunsa mkulu wa asilikali. "Ameneyu n'khungu lomwe."

"Bwana, ndi mwana wanga."

"Eee! Ndiye nkhosa yabwerera kukhola kwawo!" Asilikali anaseka. "Ngati simungathe, nenani. Sisebado uyo akuyasamula."

Sisebado anali atatsamira chipupa, akupukutira mpeni pantchafu. Anthu ake awiri a m'mawawo anali atawafunditsa kale nsalu.

"Musandigwire ndinu, bambo," anatero Froila, mano ali gwa. "Aitaneni a ng'ombewo."

"Khala chete. Weramitsa mutu."

"Ndikakhala moyo simudzandionanso."

"Ukhale moyo kaye."

Anaigwira ntchitoyo bwino kuposa tsiku lina lililonse. Froila sanalire. Amene anakomoka ndi Teudila, atamaliza kumanga bala.

Froila anachira. Anamupereka ukapolo kwa munthu wina wa mfumu, ndipo chirimwe chotsatira anathawira kumapiri a kumpoto. Mawu sanatumize.

Kenako kunabwera dzombe, njala n'kutsatira. Gulu lankhondo la kutsidya kwa nyanja litaoloka, mfumu inaitana amuna onse. Ena anali ometedwa, ena anali ndi chakukhosi chifukwa cha abale awo ometedwa, ena anafika kunkhondoko n'kungopinda manja. Adani anapeza Toleto ali pululu, akuluakulu atathawa ndi ziwiya za m'tchalitchi. Ufumu umene makolo anaumanga ndi malupanga unatha osatsanzika n'komwe.

Teudila anabwerera ku nkhosa, pakuti olamulira atsopano nawonso amamva kuzizira. Maso anayamba kuchita khungu, koma wapaulendo aliyense wochokera kumpoto ankamuimitsa: "Simunaoneko mnyamata wa chipsera kumutu?" Onse ankapukusa mutu.

Chaka chatha ndinapita kumapiriko ndi bulu kukagulitsa ubweya. Ndinafunsa m'midzi, ndinafunsa ansembe, ndinafunsa abusa. Palibe anamudziwa. Pobwerera ndinamupeza Teudila ali gone pachikopa, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale.

"Alamu, mwamuona?"

"Ndi maso angawa! Wanenepa, alamu, pakhomo amalowa chammbali."

Anadzuka n'kutsamira chigongono. "Ali moyo?"

"Moyo wokha? Ali ndi mkazi, ana anayi, nkhosa zoti mukayamba kuwerenga lero mudzamaliza pa Pasaka. Woyambayo anamutcha Teudila."

"Anamutcha dzina langa?"

"Lanu lomwelo. Ndipo wati ndikupatseni moni."

Apo ndiye ndikanalekera. Koma pakamwa pangapa mukupadziwa, pakayamba kuthamanga sipaona dzenje.

"Mukanamuona pa kavalo, alamu! Atsikana kuthyoka makosi. Mphepo ikuomba, tsitsi lili petupetu mpaka m'chiuno..."

Teudila anabwerera pachikopa pang'onopang'ono, n'kutembenukira kukhoma.

"Alamu," anatero, "pamutu paja sipangamere kanthu. Ndinapasenda ndine."