Jivi wa a Mansukh

Alamu anga a Mansukh Chavda anagwira ntchito pachipatala cha m'tauni yathu zaka makumi atatu, ndipo pa zaka zonsezo sanabaye munthu ngakhale mmodzi. Ntchito yawo inali kuwiritsa majakisoni, kutsuka mabala ndi kunyamulira adokotala thireyi. Koma mukanawaona akuyenda pamsika, mukanati chipatalacho anachimanga okha ndi manja awo. Ine ndinkayendetsa ambulansi ya pomwepo, ndipo iwo anakwatira achemwali anga a Kanta, ndiye ndinkawapirira kawiri, kuntchito ndi kunyumba.

Kwathu ku Gujarat mowa ndi mlandu. Wapolisi akakununkhiza n'kukayikira, amakutengera kuchipatala kuti akakutenge magazi, kabotolo kake n'kumatidwa, n'kutumizidwa kumzinda kukayezedwa. Pobaya pamenepo sapakapo sipiliti, chifukwa loya wochenjera akhoza kunena kuti mowa wopezeka m'magaziwo unachokera pa thonje. Amapaka jivi, mankhwala apabala aja osiya mtundu wa papo pakhungu.

Apa ndi pamene alamu anga ankamvera kukoma. Jivi wofunika ndi kadontho chabe, popindikira mkono. Iwo ankayambira pomanga wotchi mpaka kukhwapa, mosafulumira, ngati akupenta chitseko, uku akulalikira za kuipa kwa mowa. Munthu ankatuluka mkono wonse uli ngati biringanya, ndipo jivi samvera sopo. Khoti lisanakhale n'komwe, tauni yonse inkakhala itaweruza kale.

Tsiku lina ndinawafunsa. "Alamu, kodi lamulolo limati mpaka kukhwapa?"

"Limati khungu liyeretsedwe," anatero. "Silinena kuti khungu limathera pati. Iwe pita ukapope matayala."

Mowa sanaulawepo, zimenezo ndiwavomereze. Ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Jagruti, anamusakira banja zaka ziwiri zathunthu, akukana uyu chifukwa amalume ake amatafuna fodya, uyo chifukwa amaseka kwambiri. Potsiriza anapeza banja la a Tribhovan Solanki, ogulitsa nsalu m'tauni ina, anthu a mbiri yoyera ngati mkaka. Mwana wawo anali mphunzitsi. Jagruti anamuona kamodzi kokha pomupatsira tiyi, ndipo kuchokera tsiku limenelo ankaimba akamachapa. Anagwirizana kuti a Solanki adzabwera Lamlungu kudzamanga nkhani.

Lachinayi masana botolo la sipiliti linawapulumuka alamu anga n'kuwakhuthukira pamalaya. Munthu wanzeru akanasintha malaya. Iwo anati auma m'njira, natuluka kukaitanitsa maswiti a alendo. Pakhomo pa sitolo anakumana ndi sajeni watsopano, wa masiku atatu m'tauni, yemwe anali asanagwirebe munthu ndipo zinkamuwawa.

"Achikulire, tapumirani kuno."

"Kodi iwe, ukundidziwa ine?"

"Onse amayamba choncho. Tayendani pamzere uwu."

Tsono alamu anga mwendo umodzi ndi waufupi pang'ono. Mzere wowongoka sanauyendepo chibadwire. Sajeni uja anasangalala ngati watola chikwama.

Anawabweretsa pachipatala chawo chomwe, ine ndikutsuka ambulansi pabwalo. Ndinasiya ndowa n'kutsatira, chifukwa zinthu ngati izi Mulungu sapereka kawiri. Adokotala anayesa kufotokoza kuti munthuyu ndi wathu, koma sajeni anali atalemba kale pepala, ndipo pepala likalembedwa silibwerera. Panalibe amene ankadziwa komwe poto wowiritsira amakhala, moti womangidwayo anadziwiritsira yekha jakisoni, akung'ung'udza. Anamukalipiranso sajeni kuti fomu wailemba molakwika, namulanda cholembera n'kudzikonzera mlandu wawo.

Adokotala anawakokera pambali. "Mansukhbhai, m'bale wanga, za Lamlungu ndamva. Bwanji ndilakwitse, ndipake sipiliti? Pamkono sipaoneka kanthu, ndipo mlandu ukafa wokha kukhoti."

Ndinawayang'anitsitsa alamu. Anayang'ana thonje, nayang'ana botolo la jivi, nthawi yaitali ndithu.

"Ayi, bwana. Adzati ndinapulumuka ngati zidakwa zokhala ndi maloya. Magazi anga ndi oyera, apite mwa lamulo."

Wopaka anali namwino wathu, Sisitala Pushpa, amene amuna ake alamu anawapentapo kawiri. Anaviika thonje mpaka kudontha.

"Sisitala, kadontho chabe," anatero alamu ndi mawu aang'ono.

"Ndikungotsata momwe munandiphunzitsira, a Chavda. Kwezani mkono, kukhwapaku sindikufikako."

Adokotala atangoonetsa singano, alamu anga anakomoka. Zaka makumi atatu akuwiritsa majakisoni, okha anali asanabayidwepo. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo sindipepesa.

Kuseka kunandithera kunyumba. Anawaimitsa ntchito mpaka zotsatira zitabwera, ndipo zotsatira zimatenga masabata. Sipiliti, amene akanachotsa jiviyo, anatsekeredwa m'kabati kuchipatala, ndipo kwathu sungangomugula pasitolo ngati mchere. Achemwali anga anakwecha mkonowo ndi sopo, ndi phulusa, ndi ndimu, kenako ndi chidutswa cha njerwa ngati akutsuka poto wopserera. Mkono unangotupa, mtundu uli chikhalire. Jagruti anangosiya kuimba, nasiyanso kudya. Pamenepo ndinakwiya kwenikweni, chifukwa mwanayo sanapentepo munthu aliyense.

"Tiwauze a Solanki kuti mwathyoka mkono, timange bandeji," ndinatero.

"Ine sindinama."

"Ndiye muvala chiyani?"

Lamlungu anavala jekete laubweya la paukwati wawo, mwezi wa Epulo, dzuwa likusungunula phula pamsewu. Alendo anafika, anakhala pamikeka, tiyi anayenda. Alamu anakhala chowongoka, thukuta likutsika ngati akuwakama. Mayi ake a mnyamata anafunsa kawiri ngati bambo akudwala malungo. Ndiye thukuta lija linayamba kusungunula jivi, n'kutsetsereka m'kati mwa jekete mwakachetechete. Alamu atatambasula dzanja kupereka mbale ya maswiti kwa a Tribhovan, dontho linagwera pa switi loyera lapamwamba.

Jagruti, amene anaima pakhomo ndi thireyi, anatseka maso.

Alamu anayamba kulongosola malamulo: za botolo lotayika, za sajeni mbuli, za mwendo wawo, za nambala ya fomu. A Tribhovan anakweza dzanja. Anali munthu wamfupi, wolankhula motsitsa ngati akuyeza nsalu yodula.

"Tiyeni pakhonde pang'ono."

Ine ndinatsatira, monga malume wa mwana, komanso monga munthu wokonda nkhani.

"Pepala likubwera," alamu anayamba. "Likafika ndidzakutumizirani, mudzaona nokha kuti m'magazi mwanga mulibe ngakhale..."

"Simukundikumbukira, eti?" anatero a Tribhovan. "N'zoona, munapenta ambiri. Zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo ndinabwera m'tauni muno ku ukwati wa msuweni wanga. Anzanga anandimwetsa theka la kapu kuseri kwa tenti, koyamba ndi komaliza, ndipo ndinasanza lonse. Apolisi ananditengera kwa inu, ndipo mlandu unatha msanga. Koma ndinakwera basi kubwerera kwathu ndi mkono ngati wanuwu, ndipo bambo anga anandiona ndikutsika. Sanadyenso nane pamodzi mpaka tsiku limene tinanyamula maliro awo."

Ine ndinayang'ana pansi. Ndinachita manyazi ngati thonjelo ndinagwira ndine.

"Ndinakuzindikirani tsiku loyamba lija, pamene tinabwera kudzaona mwana wanu," anapitiriza a Tribhovan. "Usiku wake sindinagone, ndikuganiza zokana. Koma mwana wanga anakonda mwana wanu, ndipo mtsikanayo ndamuona ndi maso anga. Pepala lanulo musanditumizire, sindidzaliwerenga. Kaya munamwa kaya simunamwe, ukwati ulipo."

"Koma sindinamwe," anatero alamu, misozi ili m'maso.

"Ndikudziwa kuwawa kwake. Vulani jeketelo, mungatifere tisanagwirizane tsiku."

Alamu anavula. Analowa m'nyumba mkono uli pamtunda kuchokera pomanga wotchi mpaka kukhwapa, nakhala pansi pamaso pa alendo onse. A Tribhovan anatola switi lodonthedwa lija, nalidya, n'kunena kuti mwezi wa Novembala ungakhale bwino. Kenako anakweza kapu kupempha tiyi wina, ndipo alamu anga anawathirira ndi mkono womwewo.