Nyali Yoyaka Yokha ku Kalingalinga

Atate anali kalipentala, ndipo manja atayamba kuwanjenjemera anakana kuvomera kuti ukalamba wafika. Amayi atamwalira anatsala okha m'nyumba yawo ya zipinda ziwiri ku Kalingalinga. Ine ndinkakhala ku Matero, ntchito ndikugwira m'sitolo ya nsalu m'tauni. Alongo anga awiri ali ku Kitwe, ndipo thandizo lawo lalikulu linali malangizo a pa foni. Woyamba kubadwa ndine, ndiye mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chaka chimene magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka usiku, atate anawotcha katani ndi kandulo. Ndinawagulira batire ya galimoto, kasola kakang'ono ka padenga ndi mababu awiri. Zinayenda bwino milungu yochepa chabe. Ankayatsa nyali n'kugona osazimitsa, batire n'kutheratu, mpaka inafa. Yachiwiri anaisokoneza mawaya, yofiira ku yakuda, ndipo mababu onse anapsa. Nditawadzudzula anandiyankha kuti, "Ine napanga makabati iwe ukalibe kubadwa. Uzaniphunzisa waya?"

Kuyambira pamenepo nyali ija inakhala ntchito yanga. Ndikaweruka ndinkakwera basi ya ku Kalingalinga, kufika dzuwa likulowa, kulumikiza mawaya, kuwatenthetsera chakudya, kumvetsera nkhani za matabwa a mukwa zimene ndinali nditazimva kambirimbiri. Akalowa m'bulangete ndinkachotsa waya n'kuyamba ulendo wa mabasi awiri wobwerera kwathu. Ana anga ndinkawapeza atagona. Sindinama, ndinatopa, ndipo masiku ena ndinkafika pakhomo pawo mtima uli wakuda.

Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandiuza kuti kuli kachipangizo kotchedwa taima, koyatsa ndi kuzimitsa nyali pa nthawi imene munthu wakauza. Ndinaona ngati ndapeza mankhwala. Sindinadziwe kuti kukafunafuna kudzandidyera miyezi itatu.

Ogulitsa a m'tauni muno mawu akuti "sindikudziwa" sali m'kamwa mwawo. Woyamba anandipatsa wotchi yolira ya pabedi. Wachiwiri ananditulutsira kanthu kooneka ngati dzira, kamene amayi a m'mayadi amaika pafupi ndi chitofu kuti keke isapsere. Wachitatu, bambo wa tayi ndithu, anandipatsa taima yeniyeni, yoyera, ya mano atatu olowetsa pakhoma.

"Manje ine nifuna ya batire, ya twelofu volotsi," ndinatero.

"Mami, malaiti ni malaiti. Iyi isebenza pali ponse. Ngati yakana mubweze."

Inakana. Inali ya giza yotenthetsera madzi osamba, yofuna magetsi a pakhoma omwewo amene kunalibe. Nditaibweza bambo uja anandiyang'ana ngati sanandionepo, n'kundiloza chikwangwani chimene chinali kuseri kwa chitseko chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Mpaka lero ndikadutsa pa sitolo imeneyo ndimatembenuzira nkhope kwina.

Loweruka lililonse masana ndinkayenda m'mashopu ndi m'misika, kapepala kali m'manja. Ena ankati "bwelani mailo", mawa lake n'kupeza munthu wina amene sanamvepo nkhaniyo. Ena ankandifunsa kuti amuna anga ali kuti, abwere okha adzafotokoze bwino. Alongo anga ankanditumizira zithunzi za mataima a kunja, ndi mawu akuti "sisi, gulani iyi", ngati kuti chithunzi chimayatsa babu.

Amene anandithandiza anali mkulu wina wokonza mawaya a magalimoto ku Chawama, m'kashedi ka malata kumbuyo kwa malo ochapira mabasi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, chinthu chimene wina aliyense sanachite. Anati chimene ndikufuna chimagwiritsidwa ntchito ndi oweta nkhuku, ndipo anandiuza kuti ndibwere pakatha milungu iwiri. Ndinabwera, n'kupeza alidi nako: kabokosi kokwana m'dzanja, kokhala ndi kagalasi koonetsa nthawi ndi timabatani tinayi. Anandijambulira pa katoni polowa waya wa batire ndi potulukira wa mababu. Anandionetsanso kuti mkati muli kabatire kakekake, kotero kuti batire yaikulu ikatha sikaiwala nthawi.

Ndinakamangirira ndekha pansi pa tebulo la atate, iwo akuyang'anira ndi kunditsutsa pa sikuluwu iliyonse. Ndinakauza kuti kaziyatsa pa eitini awazi, mdima ukamayamba, kazizimitsa pa twente-wanu, nthawi yogona. Tinakhala pansi kudikira. Nthawi itakwana kanalira kuti "tha", mababu n'kuyaka. Atate anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinawauza kuti asauze munthu aliyense, pakuti mukomboni ngati Kalingalinga chinthu chatsopano chikadziwika chimamera miyendo. Ngakhale amayi a nyumba yoyandikana nayo, ogulitsa vitumbuwa, amene ankawatcha atate "bashikulu", kutanthauza agogo, n'kumawapatsa moni m'mawa uliwonse, sindinawauze.

Mlungu woyamba ndinapitabe tsiku ndi tsiku. Wachiwiri ndinapita katatu. Kenaka ndinapangana ndi atate kuti ndizibwera Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, ndi chakudya cha masiku angapo m'makontena. Foni anali nayo, koma ankaisiya m'thumba la jekete, ndipo kusayankha kwawo sikunali kwachilendo. Ndinayamba kudya ndi ana anga, ndinanenepako, anthu n'kumati ndikuoneka bwino.

Atate anagwa Lachiwiri m'mawa, akutuluka m'chipinda chogona, chitseko chakunja chili chokhoma. Fupa la m'chiuno linathyoka. Anapezeka Lachisanu, pamene amayi a vitumbuwa aja anaona kuti ndowa ya madzi imene anawatungira ikadali panja, yodzaza, ndi fumbi pamwamba. Anaitana anthu, anathyola chitseko, kenaka anandiimbira.

Ndinawapeza amayiwo pakhomo la chipatala, chitenje chili pakamwa. Ndinawakalipira, ine wopanda manyazi. Ndinawafunsa kuti masiku atatu athunthu munthu osatuluka, iwo anali kuti.

"Ba sisi, nenze nauka m'mawa kuyenda ku maliro ku Mtendere, nibwela kumadzulo. Nikabwela niyangana pa windo, laiti yayaka. Nakamba ati bashikulu bali che bwino, olo mwana wao abwela. Kudala laiti ikakana kuyaka nenze kugogoda. Manje yenze kuyaka, ba sisi. Daily yenze kuyaka."

Anthu a pamzere umenewo anali ndi njira yawo yodziwira kuti nkhalamba ija ili moyo, ndipo ine ndinaiphwanya ndi manja anga, mobisa, poopa akuba. Alongo anga anafika mawa lake ndi mafunso a ukali: bwanji sunapite, bwanji sunatiuze, bwanji sunalembe wantchito. Ndinawayang'ana anthu awa amene sankadziwa ngakhale mtundu wa chitseko cha atate awo, koma mkwiyo wanga unalibe poima, chifukwa funso loyambalo ndinali nditadzifunsa kale.

Atate anakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Thupi linali litauma kwambiri, ndipo adokotala sanatinamize. Tsiku lachitatu nzeru zinawabwerera pang'ono. Ndinali kuwapukuta milomo ndi kansalu konyowa pamene ananditchula dzina. Ndinayamba kupepesa, mawu akuphatikana, koma anagwedeza dzanja kuti ndisiye.

"Nenze pansi paja," anatero, "naona mdima wayamba. Nayamba kuyopa. Manje namvela 'tha', laiti yayaka. Naitana iwe. Pambuyo nakumbuka ati ni kaja kanthu."

Ndinkayembekeza kuti andidzudzule, ndipo ndinkafuna kuti atero. Akanandinyoza ndikanapeza polira.

"Koma wenze wasankha bwino, mwana wanga," anatero. "Masiku yonse yatatu, sikanachedwepo olo miniti imozi."

Sanali kundinyogodola. Ankayamikira monga mmisiri amayamikirira chipangizo chogwira ntchito yake, ndipo anafuna kuti ndidziwe kuti sindinaponye ndalama m'madzi. Ndinavomera ndi mutu, ndinawakonzera pilo, kenaka ndinatuluka n'kukakhala pansi m'khonde la wodi, pafupi ndi ndowa ya zinyalala, mpaka namwino anadzandiuza kuti ndikutsekereza njira.