Ndinkanunkhiza mathaulo m'hotela ya tsamba lobiriwira

Nthawi yonse imene ndagwira ntchito yokonza zipinda pa hotela ina kufupi ndi bwalo la ndege ku Santry, mumzinda wa Dublin, ndakhala ndikuikira alendo mathaulo amene anthu ena anapukutira kale. Ndinkachita izi ndikudziwa. Hotelayo imadzitcha yosamala chilengedwe, ndipo pakhomo pake pali chikwangwani cha tsamba lobiriwira.

Kumudzi ndinali mtolankhani. Kuno ku Dublin ndinakhala nthawi yaitali ndilibe ntchito, mpaka mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Tyrrelstown, amene tonse timangoti Anti Nangozo, anandilankhulira kwa mabwana. Iwo ndi supavaiza wa okonza zipinda. Inu owerenga mukudziwa mwambo wathu: munthu amene wakupezera ntchito sumutsutsa, umangoti zikomo.

M'bafa la chipinda chilichonse muli kakhadi kopempha mlendo kuti akafuna kupukutiranso thaulo lake alipachike, madzi ndi sopo zisamangowonongeka. Zimenezo ndilibe nazo mlandu. Thaulo ndi lake, thupi ndi lake. Koma kakhadiko sikanena zimene zimachitika mlendoyo akanyamuka.

Tsiku loyamba Anti anandionetsa. Anatenga thaulo lopachikidwa, n'kuliyang'anitsa pawindo, kenako n'kulinunkhiza. "Ili ndi loyera ili. Pinda bwinobwino, uike pashelefu." Nditafunsa ngati silipita kochapa, anandiseka. "Iwe mtolankhani, kuno si kunyuzi. Mabwana akufuna matumba a zochapa achepe. Dziko ukufuna kulipulumutsa kapena ayi?"

Mashiti nawonso chimodzimodzi. Mlendo wongodikira ndege akachoka, tinkachotsa tsitsi lake papilo ndi selotepi, kupopera madzi onunkhira, n'kukoka shiti mpaka makwinya atatha. Matambula a m'bafa tinkawapukuta ndi thaulo limene latsala pang'ono kupita kochapa. Zinyalala zimene alendo ankasankhula mosamala, mapepala pawokha, mabotolo pawokha, ife tinkazikhuthulira m'thumba limodzi. Pamsonkhano manijala ankatiyamika kuti zochapa zatsika, ife n'kumaomba m'manja. Sananenepo ndi pakamwa pake kuti tisamachape. Sanafunsenso kuti zatsika bwanji.

Msuweni wanga atamaliza maphunziro pa yunivesite kuno, mayi ake, azakhali anga, anabwera kuchokera ku Zomba kudzaonera mwambowo. Pobwerera ndege yawo inali ya m'mamawa, choncho anagona pa hotela yathu. Anti atamva, anabwera okha atanyamula mashiti ndi mathaulo akadali m'pulasitiki, ongochokera kochapa. "Awa ndi athu," anatero, "sangagonere thukuta la anthu osawadziwa." Chipindacho tinachikolopa ngati kukubwera abishopu. Sindinama, ndinasangalala.

Chipinda choyandikana nacho ndinachikonza mwa masiku onse. M'menemo munali mutagona bambo wina wa zilonda m'miyendo. Ndinaona mabandeji m'bini ndi mafuta ake opaka pasinki. Thaulo limodzi linali lopachikidwa, louma, losanunkha. Ndinalipinda, n'kuika pashelefu.

Nditatsala pang'ono kuweruka, mlendo watsopano wa m'chipindamo anapempha pilo wina, ndipo ndinamupititsira. Anatsegula chitseko mayi wachitsikana, atanyamula khanda limene anali atangolisambitsa. Anali atalikulunga m'thaulo lomwe lija. Ndinalizindikira chifukwa linali ndi ulusi wosomphoka m'mbali. Ngodya yake inali m'kamwa mwa mwanayo, akuyamwa. Mayiyo anandithokoza, n'kunena kuti anasankha hotela yathu dala, chifukwa akufuna mwana wake adzapeze dziko lidakali labwino.

Ndinathamangira kukangolo kanga konyamulira mathaulo, ndinatenga thaulo lochapa, n'kumunamiza mayiyo kuti ili ndi lofewa bwino kwa mwana. Linalo ndinalichotsa. Ngati mwanayo anatenga matenda, sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa. Ananyamuka m'mawa mwake.

Chimene chimandinyansa kwambiri si thaulolo ayi. N'chakuti ine ndi Anti tinkadziwa bwino lomwe kuti ndi uve. Umboni wake ndi chipinda cha azakhali. Wathu tinamuyalira zoyera, mwana wa eni tinamupatsa za zilonda, pakati pawo pali khoma limodzi basi.

Nditawauza Anti, anangoti, "Ndiye wamwalira mwanayo? Ndinakutola ulibe pogwira, lero ukufuna undidye?" Ndinawauza kuti sindidzapindanso thaulo la munthu wina, ndipo ndinakanena zonse kwa akuluakulu oyendera za ukhondo. Kutchalitchi amayi ena anasiya kundipatsa moni. Akuti ndabweretsa utolankhani pamalo podyera anthu.

Inu owerenga, kusamala chilengedwe si bodza, ndipo mahotela ena amachitadi zoona. Koma tsamba lobiriwira pakhomo silichapa kanthu. Mukagona pa hotela, pukutiraninso thaulo lanu mmene mungafunire, koma tsiku lonyamuka liponyeni pansi m'bafa, linyowe, wina asalipinde. Musanapukute mwana, liyang'anitseni, ndipo mukakayika pemphani lina. Inu anzanga okonza zipinda, chimene simungayalire mayi anu musayalire mlendo. Wokupezerani ntchito muthokozeni, mumulemekeze, koma musamupatse mphuno zanu ndi chikumbumtima chanu. Ine ndinachedwa kukana, ndipo ndimadandaula.

Oyendera za ukhondo akuyembekezeka kufika pa hotelapo sabata yamawa, ndipo Anti adzafunsidwa limodzi ndi ine. Manijala wandiitana ku ofesi Lolemba. Wandiuza kuti ndibweretse yunifolomu ndi kiyi.